Boti la Malegeni

Tsikanipo pamenepo, ana inu. Takondwa, iwe ndiye wamkulu, uza anzakowo asiye kuliomba botilo ngati ng'oma. Mwaliona lavundikira nkhuku kuseri kwa khitchini kuno, ndiye mukuyesa chilata chakutha? Anyamata ogula zitsulo aja, oyenda ndi sikelo m'makwalalamu, akhala akubwera kudzandinyengerera, ndipo onse ndimawabweza pageti pomwepo. Ndikadzafa mudzachite nalo zimene mukufuna, koma ndikadali kupuma boti ili silikwera sikelo ya munthu.

Wati chiyani, Yamikani? Kuti n'lomanga ndi malegeni ngati mtolo wa nkhuni panjinga? Eya, seka. Si iwe woyamba, anaseka anthu a ndevu zawo mumsika wa Zomba mpaka kugwira m'mimba. Bwerani mukhale pamthunzi pano ndikuuzeni chifukwa chake mulibe liveti ngakhale limodzi m'boti limeneli. Inu mumangodziwa kuti amayi anu anakulira m'nyumba mwanga muno m'tauni. Simudziwa kuti panatsala pang'ono kuti akule ine ndikungowaonera patali, tsidya la mtsinje.

Ine ntchito yanga inali yokhoma ndowa. Inu a mabigili a pulasitiki, ong'ambika akangogwa kamodzi, simungamvetse kuti kale ndowa inali katundu wolowa naye m'banja. Tinkakhala kumapeto kwa msika, aliyense ndi chidutswa chake cha njanji, hamala ndi sizasi yodulira malata, ndipo phokoso lathu linkamveka munthu asanatsike basi. Makutu angawa anathera kumeneko, n'chifukwa chake ndimakuuzani kuti muzikweza mawu. Liveti ndimalidziwa kuposa dzina langa: umabowola, kulowetsa kamsomali kafupi, n'kukhoma mutu wake mbali zonse mpaka zitsulo ziwiri zigwirane. Koma thako la ndowa sitinkaliika liveti ayi. Pamene pamakhala madzi tinkapinda milomo ya malata, wina kulowa mwa mnzake, n'kusalaza ndi hamala.

Makolo anga anachokera ku Mozambique, analowa cha ku Muloza n'kumakhala m'minda ya tiyi ya eni ake. Mudzi woti n'kuloza ndi chala kuti kwathu ndi uko ndinalibe. Ndili mnyamata ndinayenda wapansi mpaka ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, komwe ndinkakonza zitini za asodzi, iwo n'kumandidyetsa matemba ndi kundiphunzitsa kukankha bwato ndi nsungwi. Nditabwera ku Zomba ndinapeza agogo anu aakazi, a Felista, atabwera ndi ndowa yodontha. Ndinaikonza mochedwa dala kuti abwerenso. Kwawo kunali tsidya la Likangala, kumunsi kwa pomwe Mulunguzi amathiramo madzi ake, ndipo ndinakalowa chikamwini kumeneko monga mwa mwambo. Ndinawumba njerwa, ndinafolera malata, ndinalima munda wa apongozi mpaka zikhatho kuchita zikang'a. A Felista ankaphika kalongonda tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, pakuti ukamufulumizira amaledzeretsa. Inu mukadya zophika pa mphindi zanu za m'mapepala zija mumati mwadya.

Anadwala pang'ono chabe, a Felista, n'kutisiya. Amayi anu, Agnesi, anali atatsala pang'ono kumaliza pulayimale. Amalume anu a Pitala, a mimba yaikulu aja oyendetsa minibasi ya ku Blantyre, anali kakhanda kongoyamba kuima ndi mipando.

Titameta maliro, alamu anga a Sandalamu, mchimwene wawo wa malemu, mwini mbumba, anandikhazika pamphasa pamaso pa anthu.

"Alamu," anatero, "mlongo wathu munamusunga bwino, tilibe nanu chifukwa. Lero takusudzulani. Ndinu mfulu, bwererani kwanu mukaone zina."

"Kwathu kwake kuti, alamu?" ndinafunsa. "Nanga anawa?"

"Ana ndi a mbumba ino. Mwambo mukuudziwa, musatichititse manyazi."

Mwambo ndinkaudziwa ndithu. Ndinaonapo amuna ambiri akusudzulidwa, kunyamula khasu ndi bulangete, kukakwatira kwina, zaka zikapita n'kuiwala ndi maina omwe a ana awo. Nyumba ndinasiya osadandaula, njerwa n'dothi. Ndinatenga njanji yanga, hamala ndi sizasi, n'kudzapeza kachipinda ka lendi tsidya lino. Koma mumtima ndinakana. Anandisudzula kwa mkazi, sanandisudzule kwa ana.

M'chilimwe zinkayenda. Likangala ankaphwa, ana a m'mudzimo ankawoloka pa ulalo wamitengo kubwera kusukulu kuno, ndipo Agnesi akaweruka ankadzera pamsika kudzakhala pambali panga, kudya chigumu, kundiuza kuti Pitala wamera dzino. Nthawi zina Loweruka ankabwera naye kumsana. Ine kumudziko sankandifuna. A Sandalamu anati ndikamabwerabwera anthu aziti kusudzula kuja kunali kwamasewera. Tsono ulalo uja chaka chilichonse unkapita ndi madzi oyamba osefukira, ndipo mlatho wa galimoto unali kutali, kozungulira, koti mwana sangapite n'kubwera tsiku lomwelo. Tsiku lina Agnesi anafika osafuna chigumu.

"Ababa, amalume ati ulalo ukapita sukulu yanga yathera pomwepo. Ati ndakula, ndizithandiza agogo, ndipo akufuna adzanditumize kwa azakhali ku Jali."

Ndinaika hamala pansi. Ndinaona bwinobwino kuti mvula ikangogwa, mtsinje udzachita zimene a Sandalamu sanathe kuchita ndi pakamwa.

Nkhani ya boti ndinaimva kwa wocheka matabwa wina amene anatsika kuphiri kudzagula mbaula. Anati kuseri kwa shedi ya anthu a zankhalango kuli kaboti ka aluminiyamu, chitsulo choyera cha mapoto chija, komwe azungu ankawedzera nsomba padamu kalekale. Nthiti zake zamatabwa zinawola, mlonda ankangochapiramo zovala. Ndinakwera phiri ndi ndowa zatsopano ndi bafa lamalata, ndinadzera njira ya mbatata, yoongoka ija yomwe inu simungathe ngakhale theka osapempha madzi. Kunali kotentha, nyenje zikulira, fungo la mapaini ndi utsi wa moto wolusa zili thoo. Mkulu wa pashedipo anayang'ana bafa langa, anayang'ana boti, n'kunena kuti bafa n'labwino kuchapiramo kuposa chinthu chopanda ntchitochi. Tinasinthana.

Mukanandiona potsika! Boti kumutu, ine mkati mwake, ndikungoona mapazi anga okha. Mphepo ikawomba linkafuna kuuluka nane kuphompho. Amayi osenza nkhuni ankapatuka akufa nacho chikhakhali, ndipo nditatulukira pamsewu, anyamata ogulitsa mabulosi ndi magalagadeya anasiya makasitomala awo.

"Abambo, nyanja mwaisiya kumwambako kapena mukuitsata kumunsi?"

"Ikubwera m'mbuyomu," ndinawayankha, "konzani mabasiketi."

Ndinafika kuno khosi litauma gwa, ndipo sabata imeneyo ndinkatembenuka thupi lonse munthu akandiitana.

Tsono boti lopanda nthiti si boti. Ukapondamo pansi pake pankafufuma, m'mbali n'kupindikira mkati. Matabwa ndinawakana, amalemera, amawola, ndipo amafuna misomali. Mwayi unali wakuti boma litasamukira ku Lilongwe nyumba zambiri zakale kuno zinkakonzedwa, ndipo mmisiri wina womanga anandipatsa mafelemu a mawindo a aluminiyamu amene anawazula. Chitsulo chimodzimodzi ndi boti, chopepuka, chosachita dzimbiri. Funso linali limodzi: ndizigwirizitsa bwanji?

Mnzanga wokhoma naye ndowa, a Chikopa, anaona ngati ndapenga.

"Achimwene, mukuganiza chiyani tsiku lonse? Bowolani, mukhome maliveti, pofika madzulo mwamaliza. Kapena hamala mwaiwala kagwiridwe?"

"Sindibowola."

"Ndiye mumata ndi malovu?"

Ndinawatengera poto wakale amene mayi wina anasiya kuti timuike chogwirira. Ndinawaonetsa pamene panali liveti: ufa woyera kuzungulira, bowo litakula mpaka chala kulowa. Maliveti amene tinali nawo anali achitsulo wamba, ena tinkadula ku misomali, ndipo chitsulo chimenecho chikakhala ndi aluminiyamu m'madzi chimamudya pang'onopang'ono. Botilo nalonso linali litapyapyala ndi ukalamba. Ndinawauza kuti ndowa ikadontha mayi amangonyowa msana, n'kubwera kudzatitukwana. Koma umu mukhala ana anga, pakati pa Likangala, ndipo madzi safuna khomo lalikulu. A Chikopa anati nanga owotcherera? Ndinapitako, kugalaja ina. Mnyamata wake anayesa pa kachidutswa, kanangosungunuka n'kugwa pansi ngati kandulo. Masiku ano ndimamva kuti kuli guluu wa m'machubu womata zitsulo, Yamikani anandionetsa pafoni. Zabwino zanu. Ife tinali ndi phula, chubu ndi mutu.

Imirira, Takondwa, tembenuzani botilo, nkhuku zituluke. Gwira apa, m'mphepetemu. Waona kuti mlomo wake ndi wopindikira mkati, ngati wa ndowa? Pamenepo ndi pamene ndinaona njira. Felemu lililonse ndinalipinda pa mphanda ya mtengo wa mango kuti litsate mimba ya boti. Oyamba anathyoka, ndinatukwana mpaka mwini nyumba anatuluka. Kenako ndinakumbukira zimene tinkachita ndi mapoto ouma: umapaka sopo, n'kuwotcha pa mbaula, sopo akada bii wachotsa, chitsulo chafewa. Ukapitirira pamenepo wataya. Nthiti iliyonse ndinaidula yotalikirapo pang'ono, kuti isalowe mwaulemu. Unkalowetsa mutu umodzi pansi pa mlomo uku, n'kuponda pakati ndi chidendene mpaka mutu winawo ulumphire pansi pa mlomo uko, thi! Ikalowa motero imadzikankha yokha, siifunanso msomali.

Pansi pa nthiti iliyonse ndinayala chubu cha galimoto, nditapaka phula lotentha limene ndinapempha kwa okonza msewu, kuti chitsulo chisakhulane ndi chinzake. Chipsera ichi pa dzanjali ndi cha phula limenelo. Kumitu kwa nthiti ndinadula timalilime ta mapoto akutha, kukoleka nthiti, n'kupindira m'mlomo wa boti monga timapindira thako la ndowa. Mafelemu aatali oyenda pansiwa, ndi pokhalira apa, ndinamanga ku nthiti ndi malegeni, kukoka mpaka mphira ipyapyale, kukulunga, kukokanso. Malegeni mukuwaonawa si oyamba aja ayi, ndakhala ndikusintha, mphira imatopa ngati munthu. Koma chitsulo sichinasunthe.

Msika wonse unkabwera kudzaonerera. Ena ankati imfa ya mkazi yandisokoneza mutu. Wina anandifunsa ngati ndiyamba kugulitsa nkhuni za m'madzi. Ine ndinkangoyang'ana kumwamba kwa phiri, komwe mitambo inali itayamba kusonkhana masana alionse.

Mvula yoyamba itadzaza mtsinje ndinalitengera padambo pomwe Likangala amafatsa, pamene anthu amakumba mchenga. Ndinapempha okumbawo kuti alidzaze mchenga wolemera kuposa anthu atatu, ine n'kukwera pamwamba. Nthiti zinalira, kwiii! Koma zinkangosuntha pang'ono n'kubwerera m'malo, pakuti mphira imalola kenako n'kukoka. Ndinalisiya pamadzi nditalimangirira kumtengo, ndipo m'mawa mwake mchenga wapansi unali wouma.

Sipanapite nthawi, ulalo unapita. Kunagwa mvula ija yochokera kuphiri, yoti Mulunguzi amatsika akubangula, ndipo kutacha pamene panali mitengo panali madzi ofiira okhaokha. Ndinavala malaya a kutchalitchi, sindikudziwa chifukwa chake, ndinatenga nsungwi yanga yaitali n'kukankha. Pofika tsidya anthu anali atadzaza kale pagombe, pakuti boti pa Likangala chinali chinthu chachilendo. Sindinatsike. Ndinazika nsungwi m'matope n'kuima m'boti momwemo.

"Agnesi! Tenga makope, tachedwa!"

Anatulukira pakati pa anthu atavala yunifolomu, nsapato m'manja. Kumbuyo kwake kunali a Sandalamu. Ndisawanamizire, ana inu, sanali munthu woipa. Mng'ono wawo anapita ndi mtsinje womwewu ali mwana, ndipo madzi ankawaopa kuposa njoka. Koma analinso munthu wosafuna kutsutsidwa pagulu.

"Alamu, mwabwera kudzatani? Tinakusudzulani."

"Dothi lanu sindinaponde, alamu. Ndabwera kudzatenga mwana apite kusukulu, madzulo ndimubweza."

"M'chimenecho? Chomanga ndi malegeni? Mlongo wanga ndaika dzana, mukufuna ndiikenso mwana wake?"

"Ndi mwana wanganso. Mukuganiza kuti ndingamuike m'chinthu chimene sindikuchikhulupirira?"

Anthu anayamba kung'ung'udza, ena mbali yanga, ambiri mbali yawo. A Sandalamu anaona kuti Agnesi wasendera kumadzi, ndipo mkwiyo unawalankhulitsa mawu amene sanawayeze.

"Iwe Agnesi, tamvera. Ukangoponda m'chimenecho usadzabwerenso m'mudzi muno. Ukakhale wa abambo ako konko, ife tisakudziwe!"

Inu simungamve kulemera kwa mawu amenewo. Mwana wamkazi kumuuza kuti alibe mbumba, ndiye kuti alibe munda, alibe pomanga nyumba, alibe pomwe adzaikidwe. Agnesi anandiyang'ana, anayang'ana amalume ake, n'kutembenuka kubwerera kumudzi.

Ndinamva chisoni choposa cha tsiku la maliro, pakuti imfa siisankha, koma apa mwana anasankha ndikuona. Sindinamuimbe mlandu, anali mwana. A Sandalamu anatsitsa mawu, mwina anandimvera chifundo.

"Mwaona, alamu? Bwererani madzi asanakwere."

"Sindichoka."

"Muima pamenepo mpaka liti?"

"Mpaka nsungwi imere."

Ndinaima. Madzi ankakoka boti, anthu ena anayamba kubalalika kupita kuminda. Ine maso ali pa kanjira kolowera m'chimanga cha m'dimba. Ndinali nditatsimikiza kuti mawa ndibweranso, ndi mkuja, mpaka atatopa nane.

Kenako chimanga chinagwedezeka. Anatulukira Agnesi, bulangete ndi zovala atamanga mtolo pamutu, Pitala ali kumsana. Sanathamange, sanayang'ane munthu. Kumbuyo kwake kunkabwera apongozi anga, amayi awo a Felista ndi a Sandalamu, atanyamula kadengu ka makaka. Mukudziwa kuti kale mkamwini ndi apongozi sankayang'anana, tikakumana panjira wina ankalowa patchire. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzipo sanandilankhulepo maso ndi maso. Anafika mpaka m'madzi, anaika kadengu m'boti nkhope atayang'ana kumbali, n'kulankhula kwa mdzukulu wawo.

"Uwauze abambo ako akankhe bwino. Uwauzenso kuti mwanayu usiku amafuna phala."

"Amayi!" anakuwa a Sandalamu. "Ndi wamng'onoyonso?"

"Wathamangitsa womulera," anatero apongozi. "Umulera ndiwe?"

Agnesi anaponda m'boti. Milandu inabwera pambuyo pake, ankhoswe anatha nsapato ndi kuyenda, ine sindinapepese ndipo sindinabweze mwana. Koma zimenezo n'zazing'ono, chimene chimandibwerera mpaka lero ndi pakati pa mtsinje.

Boti linali litalemedwa, madzi atatsala pang'ono kufika pamlomo. Zitsa ndi mapesi zinkadutsa mothamanga, ndipo pamene mtsinje unatigwira mwamphamvu nthiti zonse zinalira pamodzi. Amayi anu, omwewa amakukalipirani lero ngati sanaopepo kanthu, anali atagwira m'mbali ndi manja onse awiri, milomo ili mbuu, Pitala atamumanga kumsana molimba mpaka mwana kulira.

"Ababa," anatero motsitsa, "madzi salowa?"

"Alowera pati, mwanangu? Funa wekha."

Anawerama. Anayendetsa chala pa nthiti imodzi kuchokera pansi mpaka kumlomo, kenako ina, kenako ina, kufunafuna bowo. Ine ndikungokankha. Atamaliza anadzuka, anamasula chitenje, n'kumukhazika Pitala pansi pa boti.